Fulashi ya a Musaphethire

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi abale okha. Mumsewu monse anali a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu amene ankauza aliyense wokhala pampando wa m'situdiyo yawo, kaya wofuna chithunzi cha pasipoti kaya mkwatibwi. Situdiyoyo inali kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa, ndipo iwo ndi akazi awo ankakhala kuseri kwake.

Mafoni atachuluka ntchito inazilala, mawondo nawo n'kukana zothamanga m'maukwati. Ndiye anayamba kuphunzitsa Loweruka masana. Ophunzira anali ochepa: namwino wina, mayi wophika makeke amene ankafuna zithunzi zokopa makasitomala, ndi wometa uja, yemwe kwenikweni ankabwerera macheza.

Phunziro loyamba linali kuchotsa fulashi, nyali yothwanima ija, pamwamba pa kamera. Ankati ikakhala pamenepo imamenya munthu pamphumi, nkhope n'kuphwatalala ngati mbale, maso ngati a mbuzi yopezeka m'munda wa eni. Ankaimangirira pachitsulo choimika pambali, n'kuitchinga ndi ambulera yoyera, kenako n'kumaisuntha pang'onopang'ono kuti ophunzira aone mthunzi wa mphuno ukutalika ndi kufupika. Chojambulidwa chinali chimutu cha pulasitiki chobwereka ku saluni, chimene wometa ankati ndi mlamu wake.

Akazi awo sankatuluka. Sitiroko inawapotoza nkhope mbali ya kumanzere, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kumsika ndi kumapemphero komwe. Tiyi wa ophunzira ankamusiya pakhomo la kuseri, n'kugogoda, n'kubwerera.

Loweruka lina eni saluni anadzatenga chimutu chawo. Ophunzira anayesa kujambulana okhaokha, koma wometa pakamwa sipankatseka, namwino n'kumangoseka. Aphunzitsi anatsala pang'ono kuwabalalitsa pamene chitseko cha kuseri chinatseguka. Akazi awo aja analowa ndi thireyi ya tiyi, n'kunena kuti phokosoli lawakwana, bola akhalepo iwo. Anakhala pampando atalozetsa kukhoma mbali yodwalayo.

Bamboyo anaika fulashi kumanja kuti kumanzereko kubisale mumthunzi. Anajambula, n'kuwaonetsa. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu ndi mkazi wanu wakale, bambo," anatero. "Bweretsani nyaliyo kuno."

Mayi wa makeke ndiye ananyamula chitsulo cha nyaliyo, n'kufunsa poti achiike. Aphunzitsi anayamba kulankhula monga ankachitira masiku onse: chikwezeni pang'ono, chisendezeni kufupi, kuwala kukayandikira kumafewa. Anam'patsa wometa katoni yoyera kuti aigwire mbali inayo, izibweza kuwala, ndipo anam'chenjeza kuti akangoyankhula tiyi samwa. Tsikulo aphunzitsiwo sanagwirenso kamera. Anaimirira kumbuyo, ophunzira n'kumajambula mosinthana.

Chithunzi chimene namwino anajambula chinada kwambiri. Cha mayi wa makeke chinatuluka bwino: mlomo wotsika uja unkaoneka, imvi zosuzumira m'mbali mwa duku, ndi diso limodzi likuseka. Eni nkhope anadandaula kuti duku lapendekeka, mwamuna wa zaka zonsezi n'kungoyang'ana osawauza. Komabe anapempha kuti chitumizidwe kwa mwana wawo wamkazi wokhala kutali, amene ankangomva mawu awo pafoni.

Kumsika sanabwerereko msanga ayi. Koma mpando wa Loweruka unakhala wawo. Wophunzira watsopano akamachita manyazi kuwayang'ana, ankamuuza kuti afulumire, iwo ali ndi zochapa. Anayambanso kusankha zovala: lero bulauzi yobiriwira, sabata yamawa ya maluwa, ati ana aphunzire mitundu.

Popeza dzanja lamanzere la mayiwo silinkagwira bwino, kusita kunagwera bamboyo. Loweruka lililonse m'mawa ankaoneka pawindo atawerama patebulo, magalasi ali pansonga ya mphuno, akulimbana ndi kolala. Imodzi anaiwotcha. Mayiwo anaivalabe, n'kuuza ophunzira kuti mbali imeneyo aiike mumthunzi.