Chinangwa Kuseri kwa Kompyuta

Kompyuta ya pasukulu pathu ku Nkhulambe sinafe ndi fumbi ayi. Ndinaipha ndine, ndi chinangwa.

Ndinkagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya ahedi. Mwezi wa Juni, chiperoni chitavuta, ndinazindikira kuti kuseri kwa bokosi la kompyutayo kumatuluka kamphepo kotentha. Basi ndinayamba kumakulunga chinangwa changa chophika m'chitenje, n'kuchitsamiritsa pa timabowo totulukira mphepoyo. Pofika masana chinkakhala chofunda bwinobwino, ine n'kumadziona wochenjera.

Kompyuta inayamba kulira ngati chigayo, kenako kumangozima yokha. Tsiku lina inazimiratu, mayeso a Fomu 2 ali momwemo osasindikiza.

Wokonza wochokera ku Blantyre atatsegula bokosilo ananunkhiza, n'kutola ulusi wa nsalu umene unakodwa pa kafani kake.

"Makinawa amafunika kupuma. Ndani amatseka kumbuyoku?"

Ahedi anandiyang'ana. Chitenje chomwe chija ndinali nditachimanga m'chiuno.

"Kaya," ndinatero, "mwinatu a Namakhwa akamapukuta."

A Namakhwa anali bambo wachikulire amene ankasesa mu ofesimo. Ahedi anawakalipira ngati mwana pamaso pathu, n'kuwalamula kuti azisesa panja basi. A Namakhwa anangotenga tsache lawo n'kutuluka.

Mawa lake masana anagogoda pawindo langa, akunjenjemera ndi chisanu.

"Mayi, ndasonkha kamoto kuseriku. Bweretsani chinangwa chija ndikutenthetsereni, poti mbaula yanu ija inafa."

Ndinawapatsa osawayang'ana kumaso. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinadya chonse.