Tsiku limene a Dumingu anagona chafufumimba

Fungo la lubani limandibwezela ku chilimwe cha chaka cha masankho, pamene malole odzaza anyamata oimba nyimbo za zipani anali kudutsa mumsewu wa ku Petauke, fumbi lofiila nkumalowa mpaka m'mano. Amama akamva lole anali kundikokela m'nyumba. Ife tinachokela ku Mozambiki. Kumeneko amuna a mfuti anafika pamudzi dzuwa lili pamutu, nagoneka atate ndi amalume chafufumimba pabwalo, nkumawatema ndi nkhwangwa pankhongo, mmodzi mmodzi, kuti asawononge zipolopolo. Ine ndinali wakhanda. Amama anaona zonse ali m'nkhokwe, atanditseka pakamwa ndi bele.

Alongo anga aakulu, a Dumingu, anali kuseminale tsiku limenelo. Anatilondola ku Zambia, napitiliza maphunzilo, ndipo chilimwe cha masankho chija anali oti adzozedwe unsembe. Mudzi wathu wonse wa ku Kalindawalo unatekeseka. Amayi a m'mphakati wa tchalitchi anasinja nshawa, kufulula thobwa, kuzila pakhonde, ine nkumetedwa mpala ndi lumo lobuntha. Amama anali asanaonepo kudzozedwa kwa wansembe, ndipo palibe anaganiza zowauza mmene mwambowo umayendela.

Misa inali panja, pansi pa mitengo ya mango, anthu thukuta kamukamu. Abishopu atatha kulalika, otumikila anayala mphasa patsogolo pa guwa. A Dumingu, atavala mkanjo woyela, anagona pamenepo chafufumimba, nkhope pansi, osagwedezeka. Kwaya inayamba kuitana maina a oyela mtima, ife nkumayankha kuti mutipemphelele. Abishopu anali pafupi ndi mutu wao, ndodo yao yaitali ili pambali.

Amama anataya dzanja langa. Kenaka anakuwa, kukuwa kumene sindinamvenso kwa munthu. Anadumpha mabenchi, kugwetsa mwana, kukankha asisitele mpaka nsalu ya kumutu kuvuka. Amuna osunga bata anawagwila. Amama anamluma mmodzi dzanja mpaka magazi, wina anawapinda mkono, nawamenya pakamwa, dzino nkugwa m'fumbi. Ena kumbuyo anayamba kuthawa, ati a chipani afika ndi miyala. Amama anapulumuka, nadzigwetsa pamsana pa a Dumingu, manja ataphimba nkhongo yao.

"Temani ine, uyu msiyeni," anatelo kwa abishopu.

A Dumingu sanadzuke. Anangotembenuza nkhope nkunena chapansipansi, "Amama, ndili moyo. Gwilani mwendo wanga mumve."

Abishopu anakweza dzanja kuti amuna aja abwelele. Amama anakhala pamphasa atagwila akakolo a mwana wao, magazi a m'kamwa akudonthela pamkanjo woyela, ndipo kwaya inatsiliza maina onse a oyela mtima iwo ali pomwepo. A Dumingu anadzozedwa ali ndi madontho omwewo pamkanjo.

Ine ndinabisala kuseli kwa mtengo ndi manyazi. Ndinati amama apenga, atichititsa manyazi pamaso pa abishopu, ndipo masiku otsatila ndinakana kudya nao mbale imodzi. Lelo ndili ndi mwana wanga wamwamuna, wangoyamba kukwawa. Akagona chafufumimba pamkeka, anzanga amati msiye, ndiye tulo tabwino. Ine ndimasiya mphika pamoto, nkuthamanga kukamtembenuza.