Sumaiya wa Makandulo

Anthu a ku Senga Bay amati Sumaiya ndi mayi waukali, ndipo sanama. Chomwe satchula n'chakuti sanabadwe choncho. Ali mtsikana anali wansangala, wamawu okwera, ndipo pogula usipa pagombe panalibe womuposa ponenerera mtengo. Bwato lisanakocheze n'komwe, iye amakhala atalowa kale m'madzi mpaka m'mawondo, beseni lili pamutu, akuseka ndi asodzi.

Malungo aakulu anamugwira atangokwatiwa kumene. Anagonekedwa m'chipatala, anachira, koma pobwerera kwawo m'makutu mwake munatsala phokoso longa la nyenje. Phokosolo litayamba kuchepa, mawu a anthu anapita nalo limodzi. Khutu lakumanja linatsekeratu. Lakumanzere linatsala ndi kampata kakang'ono, moti munthu akaima pafupi, maso ndi maso, n'kulankhula mosathamanga, Sumaiya amatola mawu ena ndi khutu, ena n'kuwawerenga pamilomo.

Geni ya nsomba inamukanika. Pagombe anthu amalankhula onse nthawi imodzi, wina kumbuyo, wina kumbali, ndipo iye akapendeketsa mutu kuti amve bwino, ogulitsa ankati wavomera mtengo. Mwamuna wake anatopa ndi kubwereza mawu. Anapita kukapha nsomba ku chilumba cha Mbenji, ndipo pobwerako anakatsikira kwa mkazi wina. Dzina la Sumaiya nalonso linayamba kuzimirira. Ana ankati gonthi uja. Akuluakulu, poyesa ulemu, ankati wosamva uja, ndipo liwu limeneli ndi lomwe linkamuwawa koposa, chifukwa ndi lomwe timanenera mwana wamwano.

Makandulo anawaphunzira ku boma la Salima, komwe gulu lina la amayi linkaphunzitsa ntchito zamanja. Mphunzitsi wake ankalankhula atayang'ana pabolodi. Sumaiya anakweza dzanja n'kupempha kuti azitembenuka. Mphunzitsiyo anapepesa, anatembenuka pang'ono, kenako anaiwala. Basi Sumaiya anasiya kusaka pakamwa, n'kuyamba kuyang'ana manja: mmene amasungunulira phula, mmene amakokera chingwe cha thonje kuti chiime pakati, mmene amadikirira phula lizizireko asanathire.

Kunyumba anadula mapaipi a pulasitiki n'kuwasandutsa zikombole. Phula loyera limabwera pa minibasi kuchokera ku Lilongwe, pomwe la njuchi ankagula kwa alimi a kumtunda. M'makandulo ena ankathiramo mafuta a udzu wonunkhira mandimu kuti udzudzu uzithawa, ndipo amenewa a m'malo ogona alendo ankawakonda. Wamba oyerawo ankapita m'maokala, poti magetsi kwathu kuno amabwera ngati mlendo wapaulendo.

Ntchito inkayenda, koma anthu ndiwo ankamutopetsa. Pa katoni iliyonse ankalembapo kuti osaimba foni, tumizani uthenga. Ogula ankaimbabe, iye osayankha, ndipo akakumana naye ankamunena kuti ndalama zamupatsa matama. Nthawi ya korona, anthu onse atavala zotseka pakamwa, msika wonse wa Salima unasanduka manda kwa iye. Akapempha munthu kuti atsitseko kansaluko, ena ankangomukuwira m'kati mwa nsalu momwemo, maso ali psuu.

Apa ndi pomwe mchimwene wake wamkulu, Abbas, analowererapo. Abbas ali ndi njinga yamoto ya kabaza, ndipo anayamba kumaperekera makandulo kwa ogula. Abbas ankamukonda mlongo wakeyo, zimenezo palibe angatsutse. Koma anazolowera kumuyankhira. Wogula akafunsa Sumaiya funso, Abbas amakhala atayankha kale iye asanamalize kuwerenga milomo. Posakhalitsa anthu anasiya kumufunsa mwiniwakeyo. Ankafika, kumupatsa moni ndi dzanja, n'kutembenukira kwa Abbas.

Sumaiya ankachita lendi pamdadada wa nyumba za bambo Sulaiman, mkulu wina yemwe kale anali ndi mabwato. Kuseri kwa chipinda chake anamangako kachisakasa ka udzu, ndipo mbaula ndi mphika wa phula zinkakhala m'menemo. Lamulo lake linali limodzi: mphika osaufulatira. Phula likapsa kwambiri limathetheka, ndipo wamakutu amamva ali patali. Iye ankadalira maso basi.

Tsiku lina m'mawa, nyengo ya mwera, mphepo inkamuuluzira zingwe zomwe ankalowetsa m'zikombole. Anatembenuka kuti aitchinge ndi msana. Kumbuyo kwake phula linasefukira pamakala, lawi linakwera, n'kugwira denga la chisakasa.

Kuseri kwa mpanda kuli mjigo, ndipo pamjigopo panali anthu ambiri: amayi a pamdadada, anyamata otunga madzi ogulitsa, ngakhale abambo odutsa. Onsewo anauona motowo. Onsewo anakuwa.

"Moto! Sumaiya, moto!"

Anakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ataima pomwe anaimapo. Sumaiya anali chiweramire, akulowetsa chingwe m'paipi. Mphepo inkapititsa utsi kumbali, moti ngakhale fungo silinamupeze.

Amene anathamanga ndi Agnes, mayi wogulitsa nsomba zouma, wa chipinda chakumapeto. Iyeyu ankachokera kumsewu, kutali kuposa onsewo. Anaponya dengu pansi, anathyola mpanda ndi phewa, n'kumukoka Sumaiya pa chitenje mpaka onse awiri kugwera panja.

Sumaiya atadzuka anaona bambo Sulaiman akubwera ndi ndowa yodzaza madzi.

"Ayi, bambo! Mchenga! Thirani mchenga!"

Mawu a Sumaiya ndi aakulu, poti sadzimva yekha. Panalibe amene sanawamve. Koma bambo Sulaiman anamukankhira kumbali n'kukhuthulira madziwo mumphika. Phula linaphulika. Moto unamwazikira pampanda ndi pakhitchini ya oyandikana nawo, ndipo phula lina linamatirira padzanja la Sumaiya, kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono. Motowo anauzimitsa ndi mchenga womwewo, chisakasa chitatha kale.

Mawa lake masana bambo Sulaiman anaitanitsa msonkhano wa onse a pamdadada pansi pa mtengo wa mango. Abbas anabwera ngati mwini mbumba. Sumaiya anamukhazika pamphasa chakumbali, dzanja lili m'bandeji, pomwe abambo anakhala pamipando atayang'anizana okhaokha.

"Chonde, polankhula muzindiyang'ana," anatero Sumaiya msonkhano usanayambe.

Onse anagwedeza mitu. Bambo Sulaiman anamuyang'anadi popereka moni. Atalowa m'nkhani yeniyeni anatembenukira kwa Abbas, ndipo Sumaiya anatsala akuona khutu ndi ndevu. Milomo inkayenda uku ndi uku. Wina analoza chisakasa chopsacho. Wina ananena kanthu, anthu n'kuseka. Sumaiya anakoka malaya a mchimwene wake.

"Akuti chiyani?"

"Dikira, ndikuuza kunyumba," anatero Abbas, akumusisita paphewa ngati mwana.

Patapita nthawi anaona Abbas akuwomba m'manja mwaulemu, kenako akugwirana chanza ndi bambo Sulaiman. Anthu anayamba kusuntha mipando. Sumaiya anayang'ana Agnes. Agnes anasendera pafupi, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti milomo ioneke.

"Akuti munthu wosamva asamasewere ndi moto. Akuti usiye makandulo. Achimwene ako avomera. Akuti akupezera geni ya tomato."

Sumaiya anadzuka, n'kupita paphulusa la chisakasa chake. Anatola mphika wakuda uja ndi chitsulo chomwe ankatakasira makala, n'kubwerera pakati pa bwalo. Ndiye anayamba kumenya.

Anamenya ndi dzanja labwinolo, mphika ataupanira m'khwapa. Nkhuku zinabalalika. Makanda analira. Amayi anatseka makutu. Bambo Sulaiman anaimirira, pakamwa pakutseguka ndi kutsekeka, koma panalibe womva chomwe ankanena. Abbas anayesa kumugwira dzanja, iye anamuloza ndi chitsulocho, ndipo anabwerera m'mbuyo. Anamenyabe mpaka anthu a kumsewu anayamba kusuzumira pampanda, mpaka aliyense pabwalopo anasiya kulankhula n'kumuyang'ana iye.

Kenako analeka.

"Mwamvapo chiyani pamenepa? Bambo Sulaiman amalankhulatu. Mwamva zomwe amanena? Ndi mmene ndakhalira ine pamphasapo chiyambire msonkhano wanuwu."

Sumaiya anapitiriza.

"Moto ndayambitsa ndine. Ndinafulatira mphika, ndipo sindikukana. Mpanda ndimanga, khitchini ya eni ake ndifolera. Koma inu a pamjigo, ndiuzeni. Zaka zonsezi mumanditchula kuti gonthi. Dzulo lokha ndiye munaiwala? Mumakuwira ndani? Pakati pa mjigo ndi chisakasa changa pali mtsinje? Pali ng'ona? Miyendo munali nayo, koma munasankha kukamwa, kuti mawa pamaliro anga muzidzati ife tinakuwa."

Mayi wina anayamba kuyankha atayang'ana pansi.

"Dzutsani mutu, mayi! Pansipo palibe Sumaiya!"

Sumaiya anatembenukira kwa mwini nyumba, n'kukweza dzanja la bandeji lija.

"Inu bambo, ndinakuuzani kuti mchenga. Makutu muli nawo awiri, onse amoyo. Dzanja ili lapsa ndi ugonthi wanga kapena wanu?"

Nkhope ya bambo Sulaiman inachita mdima. Ulendo uno anamuyang'ana m'maso, ndipo mawu onse Sumaiya anawatola.

"Mayi iwe ndiwe wosamvadi. Pamalo panga pano moto wa phula sudzayakanso. Ukafuna, samuka."

"Mwaona? Mukafuna kutukwana mumatha kundiyang'ana."

Anaponya mphikawo pansi n'kulowa m'nyumba. Abbas anamutsatira, ali wefuwefu.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu! Ine ndimakuteteza. Ukanafa dzulo, anthu akanati mlongo wake anali kuti?"

"Mwanditsatsa ndili pomwepo, achimwene. Mbuzi ya pamsika ili bwino, imamvako akamaitchula mtengo. Mukanangotembenuka n'kundifunsa kuti Sumaiya, ukuti bwanji. Chinakukanikani n'chiyani?"

"Ukanakana."

"Eya, ndikanakana! Ndiye munaona kuti njira yabwino n'kusandifunsa?"

Abbas anatuluka, analiza njinga yake, n'kumapita.

Lamulo la bambo Sulaiman silinasinthe, ndipo Sumaiya sanakapepese. Dzanja linatenga nthawi kuti lipole, ndipo chala chaching'ono sichipindikanso bwino mpaka lero. Mpanda anamanga, khitchini anafolera, monga ananenera. Malo atsopano anamupezera ndi Agnes: kanyumba ka njerwa kopanda chitseko, kumapeto kwa matandala oyanikapo usipa, komwe malume ake a Agnes ankawambiramo nsomba kale.

Makandulo oyamba a m'menemo ananunkha kampango. A kumalo ena ogona alendo anawabweza katoni yonse, ati alendo akudandaula kuti m'zipinda mukumveka ngati pagombe. Sumaiya anakwiya tsiku lonse, kenako anakanda makoma ndi mchenga, n'kupaka laimu. Anagula galasi lakale la minibasi kwa amakanika a kudepoti n'kulipachika pakhoma, kuti ngakhale atatembenuka, mphika azingouona. Pakhomo anaikapo ndowa ya mchenga. Katundu anayamba kuperekera yekha, katoni ili pamiyendo, atakwera kabaza wa munthu wina. Wogula akayamba kulankhula ndi wakabazayo, Sumaiya amanyamula katoni yake n'kuyamba kubwerera, ndipo ambiri anaphunzira msanga.

Pamdadada akukhalabe, poti nyumba za lendi n'zosowa. Amayi a pamjigo aja amagula makandulo ake magetsi akazima. Amawagulitsa, chenji amawapatsa, koma macheza anatha. Agnes amamuuza kuti mkwiyo wotere umadwalitsa.

"Nanga ndiuike pati?" amayankha choncho. "Ndikaseka amati nkhani yatha."

Abbas anakhala miyezi osaponda kwa mlongo wake. Anabwera mwezi wa Ramadani uli pafupi, nthawi yomwe Asilamu amapemphana chikhululuko asanayambe kusala. Anamupeza m'kanyumba kaja akuthira phula m'zikombole. Anavula chipewa cha njinga, anakhala pa njerwa pafupi ndi khomo, n'kuweramitsa mutu monga amachitira munthu wopepesa. Analankhula nthawi yaitali ndithu, maso ali pa zala za kumapazi, mawu ali pansipansi. Nthawi ina anapukuta m'maso ndi mkono.

Sumaiya anaika jagi ya phula pansi n'kumuyang'ana pamutu. Anadziwa chomwe chinamubweretsa. Anamudikira mpaka anamaliza, mpaka anadzutsa nkhope kuti alandire yankho.

"Sindinamvepo ngakhale liwu limodzi, achimwene. Mwapepesa mchenga. Mudzabwerenso."

Phula linali litayamba kuuma m'jagi, choncho Sumaiya analibwezera pamoto.