Injiniya wa mapampu

Mlamu wanga, mwamuna wa achemwali, amagwira ntchito pafakitale ya mapepala kumtunda kwa mtsinje. Ntchito yake ndi kuyatsa ndi kuzimitsa mapampu basi, koma mukamuona ndi makiyi ali jegwedejegwede m'chiuno mungayese mvula amagwetsa ndi iyeyo. Anzake anamutcha Injiniya momuseka. Iye dzinalo analilemba pachipewa.

Chibwerere mapampu amenewo, kumadimba kumafika timadzi tosanyowetsa n'chidendene chomwe. Amayi amachita kukumba mchenga kuti athirire tomato.

Chilolezo cha fakitale chopopa madzi chitatsala pang'ono kutha, a boma analengeza kuti abwera kudzaona mtsinje ndi kumva madandaulo asanapereke china. Amayi mawu awo ankayeseza akutsuka mbale. Mlamu anabwera, nakhala pampando wa malemu bambo, miyendo tambalale.

"Amayi, pamaso pa anthu a mataye mukanenapo chiyani inu?"

"Ndikawaonetsa mchenga, apongozi. Mchenga sufuna Chingerezi."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Pa tsiku la msonkhano wa a bomawo tinadzuka mtsinje uli tho, ukulira. Mapampu ali zii. Palibe anaitana mnzake, aliyense anangotola ndowa n'kuthamangira kudimba. Amayi anazula mbande zonse panazale, tinaoka, tinathirira, matope mpaka m'mawondo. "Msonkhano tiupeza," ankatero, maso ali pamadzi.

Sitinaupeze. Zonse anatifotokozera yekha mlamu madzulo ake, akutokosa m'mano. Akuti alendowo anaima pamlatho, anajambula madzi, anaona azimayi akuthirira mosangalala, kenako anakakhala muholo ndi mipando yokhayokha. Wamkulu wawo atafunsa ngati pali wodandaula, mlamu ndi amene anaimirira.

"Ndinawauza kuti bwana, odandaula ali kuti? Apongozi anga omwe ali kudimba, madzi awachulukira!"

Anayang'ana aliyense kudikira kuti tiseke. Anawonjezanso kuti nzeru yozimitsa mapampu inali yake, ndipo abwana ake a kufakitale anamusisita paphewa. Anatilozera phewalo.

Achemwali anatuluka panja ndi mwana. Amayi anangoti, "Mwagwira ntchito, apongozi."

"Si nanga!" anatero, osamva n'komwe.

Ali pakhomo pomwepo, mapampu anayambanso kulira kumtunda. Chilolezo chinatuluka. Sabata isanathe mbande zonse zinagona pansi, ndipo panazale panalibe zina zoti n'kuokanso.