Bwato la chigamba chachitsulo

Bambo a Asiyatu, lero ndaona asodzi akumata bwato ku doko la Kachulu, ndiye ndakukumbukirani, amuna anga. Zaka zija tinkamanga khadi la chipani pampango, ntchito yanu inali yolowa pansi pa madzi a Chilwa kufufuza mabwato akale omwe anamira, n'kumawayeza ndi kuwajambula kuti mbiri yake isatayike. Madziwo ndi amatope, choncho munkangofufuza ndi manja.

Tsiku lina munavuula bwato lomwe linali ndi chigamba chachitsulo kumutu. Abiti Saidi, mayi wachikulire wa m'mudzi mwathu, atachiona anangokhala pansi. "Chigamba ichi anakhoma ndi amuna anga," anatero. Amuna awowo anapita ku chilumba cha Chisi kalekale osabwerako, ndipo anthu ankanena kuti anathawa ukwati. Munasiya zoyeza zija n'kukhala nawo pagombepo, iwo akulisisita bwatolo. Pobwerera ndinakufunsani ngati abwana anu sakukalipirani. Munati, "Bwato lidikira. Abiti adikira mokwanira." Kuyambira tsikulo m'mudzi anayamba kuwatchula mayi wamasiye, osati wothawidwa. Ndimanyadira kuti ndinali mkazi wanu. Pitirizani kupuma mumtendere.