Mapazi a Apongozi

Tsiku limene ndinatsimikiza zopita ku Joni ndinali nditakhala kuseri kwa chigafa, ndikuyang'ana zala zanga zitada bii ndi utomoni wa fodya. Chaka chonse ndinali nditasankha fodya wa eni ake pa esiteti, koma nyumba yanga inkadonthabe, ndipo mwana wathu Mada ankagona atafunda chitenje cha amake. Matipate anali atalowa, pasipoti sinalinso yovuta ngati kale, ndipo anyamata ambiri ankangonyamuka okha. Ndinauza mkazi wanga Lusiya kuti nanenso ndipita. Analira, kenaka anandichapira malaya.

Ine ndine mkamwini kwa Dambe. Makolo anga anachokera ku Dedza kudzakhala matenanti, ine n'kukwatira konkuno. Ndiye mukudziwa za mkamwini ndi apongozi ake aakazi: sitikhala pamphasa imodzi, sitiyang'anana m'maso. Tikakumana panjira, aNaphiri, amayi ake a Lusiya, ankapatukira kutchire, ine n'kupatukira mbali inayo, moni n'kumaponyerana patali. Ngakhale ponditsanzika anaima kuseri kwa nkhokwe n'kulankhula ndi mwana wawo, ine ndili pomwepo. "Lusiya, uwauze abambo a Mada ayende bwino. Akapeze, koma asakatiiwale."

Ku Joni ndinayamba ndi ntchito ya m'maluwa kwa adona ena achizungu. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Kuzizira kwake, abale inu! Koma chimene chinkandipweteka kwambiri si chisanu ayi, ndi Lamulungu masana, pamene adona atuluka, geti yatsekedwa, ndipo palibe ngakhale nkhuku yoti uyithamangitse. Ndinkalankhula ndekha Chichewa kuti ndingomva mmene chimamvekera. Kunyumba tinkapangana tsiku pa kalata, Lusiya n'kupalasa njinga mpaka pa Kamwendo kukadikira foni yanga pa telefoni ya pashopu. Ndalama ndinkapatsira madalaivala a mabasi. Zina zinkafika, zina zinkathera m'njira, komabe malata anakwera padenga.

Adonawo anali ndi chipinda chimene ankatikitiramo anthu mapazi. Ntchitoyo ankaitcha rifulekisoloje. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha phazi, chogawidwa timinda timinda: chala chachikulu akuti ndi mutu, apa chiwindi, apa impso, apa kapamba. Akuti ukafinya pamalo pake, chiwalo chake chimamva. Poyamba ndinkangochapa matawulo ndi kutenthetsa madzi, ndikuseka chamumtima. Anthu olemera, magalimoto awo onyezimira, kudzalipira kuti wina awagwire mapazi! Koma manja a adona atayamba kuwawa ndi nyamakazi, anandiphunzitsa. Anandiveka chijasi choyera, ndipo makasitomala anakonda manja anga a fodyawo. Ena ankagona mpaka kuliza mkonono, ena ankangoyamba kulira osadziwa chowaliza.

Sindibisa, ndinayamba kuchikhulupirira chithunzicho. Amene ananditsegula maso ndi anesi ena, mayi wamkulu wanthabwala amene ankabwera mapazi atatupa chifukwa choimirira tsiku lonse m'chipatala. Tsiku lina ndikuwafinya pakati pa phazi ndinati, "Apa ndiye ndikukutsukani impso, amayi."

Anaseka mpaka mpando unagwedera. "Iwe mwana wa ku Malawi, impso zanga zisiye. Anthu ofufuza za mankhwala anayesa zimenezi. Sanapeze umboni woti kufinya phazi kumachiza impso, shuga kapena mtima. Msewu wochoka pachala kupita kuchiwindi kulibe."

"Nanga mumabwereranji?" ndinafunsa nditakwiya pang'ono.

"Chifukwa ndikachoka pano ndimagona bwino, nkhawa imachepa, mapazi amapepuka. Kodi zimenezo n'zochepa? Koma ukadzaona munthu wataya mapiritsi ake chifukwa cha manja akowa, udzamuthamangitsire kuchipatala. Ndipo munthu wa shuga uzimuyang'ana mapazi usanawafinye, poti ena samva ululu."

Zinandiwawa ngati andilanda ntchito, koma mawuwo anakhala.

Mlandu unabwera ndi mlamu wanga Yohane, mchimwene wake wa Lusiya. Anabwera ku Joni kudzasaka ntchito, anagona kwanga miyezi ingapo, zinamukanika n'kubwerera. Yohane ndi munthu woti akaona mbewa amakafotokoza njovu. Anandiona m'chijasi choyera muja, azungu atanditambasulira miyendo, basi mudzi wonse unamva kuti alamu ndi dokotala, amachiza matenda alionse pongogwira phazi.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atafika. Lusiya anabwereka ya aphunzitsi n'kundiimbira. "Abambo a Mada, amayi asiya kumwa mapiritsi a shuga aja. Akuti atopa nawo, ulendo wa kuchipatala ndi wautali, akudikira inu mudzawachize. Akuonda, akungomwa madzi."

"Uwauze kuti si zoona! Ine sindichiza shuga!"

"Ndawauza. Akuti mukukana chifukwa cha ulemu."

Pamenepo ndinaona kuti mawu a pafoni sangathandize. Ndinatsanzika adona, ndinamanga katundu, n'kukwera basi. Njira yonse, Harare, Tete, Dedza, mtima unali m'mwamba. Ndinkaopa kufika n'kupeza anthu atasonkhana pakhomo.

Ndinawapeza ali moyo, koma panabuka vuto limene ku Joni sakanalimvetsa. Mkamwini angagwire bwanji mapazi a apongozi ake? Azakhali a Lusiya anakhala pansi n'kugamula kuti ndipereke nkhuku kuti timasukirane. Nkhuku ndinapereka, koma aNaphiri manyazi sanawathere. Ndiye anachita zawo: anakhala m'nyumba, Lusiya anapachika chitenje pakhomo, iwo n'kutulutsa mapazi okha kunsi kwa chitenjecho. Ine ndinakhala pakhonde ndi beseni la madzi ofunda. Anthu anadzaza bwalo, Yohane ali patsogolo, chifuwa chili panja ngati dokotalayo ndi iye.

Ndinayamba kutsuka phazi lamanzere. Linali lozizira, louma, losweka zidendene. Ndinatsina chala chachikulu n'kufunsa, "Lusiya, uwafunse amayi ngati akumva."

Mawu anatuluka kuseri kwa chitenje. "Uwauze ayambe, ndikudikira."

Ndinali nditayamba kale, iwo osamva kanthu. Nditatembenuza phazi lamanja, ndinapeza chilonda pansi pake, pafupi ndi zala, chakuya, m'mbali mwake mutada, chikununkha. Mkati munali kachisonga ka chimanga. Anayenda nacho masiku angati, palibe ankadziwa. Iwo sankamva ululu, ndipo m'mudzi monse munalibe amene anayang'anapo pansi pa phazi la munthu wamkulu.

Apo ndiye ndinaiwala mwambo. Sindinadzerenso kwa Lusiya. Ndinalankhula nawo ndekha, koyamba chikwatirireni mwana wawo, kupatula moni wapatali uja.

"Amayi, ndimvereni. Manja angawa sachiza shuga. Amene anakuuzani anakunamizani, ngakhale sanafune kukupwetekani. Phazi ili lili ndi bala loipa, ndipo tikachedwa alidula. Tiyeni kuchipatala lero lomwe."

Yohane anayamba kuyang'ana nyerere pansi. Kenaka kuseri kwa chitenje ndinamva mawu otsika, olankhula ndi ine, osati ndi Lusiya.

"Ndiye ku Joni konse kuja munkachitako chiyani, bambo?"

"Ndinkatsuka mapazi a anthu ndi kuwatikita kuti apumule. Basi."

"Ha! Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi, amayi. Malata awa ndi a mapazi."

Wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, ndipo ndinamva aNaphiri nawonso akuseka chapansipansi. Udokotala wanga unathera pomwepo, pamaso pa mudzi wonse. Zinandichititsa manyazi, koma mtima unapepuka kusiyana ndi tsiku lililonse limene ndinavala chijasi choyera chija.

Tinawakweza pa kabaza mpaka kumsewu, kenaka minibasi mpaka kuchipatala cha ku boma. Anawagoneka, anatsuka balalo, anawayambitsanso mankhwala. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ina. Anatuluka ndi phazi lawo, chala chimodzi chokha n'chimene anadula, n'kutsala kuchipatala komweko.

Ku Joni sindinabwererenso. Ndinagula njinga ziwiri za kabaza, ndimalima mtedza ndi soya, ndipo masiku a msika pa Kamwendo amayi ogulitsa tomato amabwera kuti ndiwatikite mapazi. Ndisanagwire munthu ndimamuuziratu kuti izi n'zopumulitsa thupi, sizochiza, ndipo wodwala apite kuchipatala. Ena amakhumudwa n'kupita kwa anzanga olonjeza zambiri. Apite, ine sindinama.

Ndili kunja ndinkaganiza kuti anthu osungulumwa ali ku Joni kokha, kumene munthu amalipira kuti wina amukhudze. Nditabwerera ndinaona kuti kwathu kuno timawalemekeza akuluakulu mpaka kuwasiya okha ndi matupi awo. Tsopano Lusiya ndi Mada ndinawaphunzitsa. Madzulo alionse, aNaphiri akameza mapiritsi awo, mmodzi amawasambitsa mapazi, kuyang'ana pakati pa zala, n'kuwatikita ndi mafuta. Loweruka ndi tsiku langa, ndipo chitenje chija chimapachikidwabe pakhomo. Amati akatikitidwa amagona ngati khanda, ndipo zimenezo ndimazikhulupirira.

Dzulo ndinakumana nawo panjira ya kudimba, atasenza mtolo wa mpiru. Atangondiona anapatukira kutchire monga mwa kale, ine n'kupatukira mbali yanga. Ndinaima kuseri kwa chitsamba ndikumvetsera udzu ukuphwanyika, phazi ili, kenaka linzake, onse awiri ali pansi.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anafuula ali chakutali.

Ndinayankha kuti ndaswera bwino.