Chifuwa cha Asilikali ndi Chigafa cha Kwathu

Kalata yondiuza kuti ndasankhidwa ndinayenda nayo m'thumba masiku atatu osamuonetsa mkazi wanga. Nthawi imeneyo ndinali dokotala wachinyamata pa chipatala cha asilikali, ndipo yunivesite ina ya ku Mangalande inkafuna munthu woti akachite kafukufuku wa digiri yapamwamba pa matenda a mphumu ndi ziwengo za m'chifuwa pakati pa asilikali. Nkhaniyi inkandivutitsa kale. Chaka ndi chaka, tchire likayamba kupsa, ankandibweretsera amuna amphamvu zawo atabanika pa perete. Akuluakulu awo ankati ndi ulesi. Ena anachotsedwa ntchito ine nditasaina pepala, ndisakudziwa chenicheni chimene chinkawatseka chifuwa.

Tsiku lachinayi ndinamuuza Esinati. Vuto linali loti nyumba ya kubalaki tinkayenera kuisiya, iye ndi mwana wathu Tadala n'kukakhala kwa makolo anga kufupi ndi Nkhamenya, kumene aliyense amadalira fodya. Esinati anakulira pa boma pa Kasungu, mwana wa mphunzitsi, ndipo khasu ankalidziwira pa dimba la sukulu basi. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Pitani, bambo a Tadala," anatero. "Mukakana, mudzakalamba mukusainabe mapepala omwewo."

Chilolezo cha boma chinatenga miyezi. Anandiitana m'maofesi angapo, kundifunsa za abale anga, kuyang'ana khadi la chipani, kenako n'kundiuza kuti ndikakafika kunjako ndizikayang'ana mabuku okha. Ndinamva chimene ankatanthauza.

Ku Mangalande ndinakhala zaka zinayi m'kachipinda kamodzi, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Aphunzitsi anga anali mayi wina wachikulire amene anagwira ntchito m'zipatala za asilikali moyo wake wonse. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kufunsa. Msilikali akabwera, sankathamangira kumumvetsera m'chifuwa. Ankayamba ndi kumufunsa kumene amagona, bulangete limene amafunda, mwezi umene chifuwa chimamuyamba. Kenako tinkamudontheza timadzi tosiyanasiyana pamkono, n'kumukanda pang'ono ndi kasingano. Pamene patupa m'pamene pankatiuza mdani wake: kaya ndi mungu wa udzu, chuku cha m'makoma, kapena tizilombo tosaoneka ta m'zofunda. Tsiku limene msilikali wina, amene anali atatsala pang'ono kuchotsedwa, anabwerera ku ntchito titangomusinthira zogonera ndi kumupatsa mankhwala opopera m'kamwa, ndinasangalala kwambiri. Koma ndinakumbukiranso nkhope za aja ndinawasainira kumudzi.

Ntchito sinkandilemera. Chinkandilemera ndi Lamlungu masana. Amalawi anzanga analipo, koma tikakumana tinkangokambirana za mpira ndi kuzizira, chifukwa palibe ankadziwa kuti pakati pathu ndani amatumiza mawu kwa akuluakulu. Ndinkabwerera m'kachipinda kaja ndisanayankhule chilichonse cha mumtima. Makalata nawo ankafika ataoneka kuti anamatidwa kawiri, choncho tonse tinaphunzira kulemba mosamala. Pa ndalama yochepa imene ankandipatsa ndinkapatulako ya feteleza ndi ya zovala za mwana, n'kutumiza pa positi. Esinati ankayankha mwachidule: mvula yabwera bwino, Tadala wagulula dzino, fodya wa abambo wachita bwino. Makalatawo ndikadali nawo, ndipo ndikamawawerenga lero ndimaona kuti za iye mwini sankalembamo.

Ndinabwera kumudzi nyengo yosankha fodya. Nditatsika basi pa Nkhamenya ndinayenda wapansi ndi sutikesi paphewa. Amayi anandilandira ndi misozi, Tadala anandiyang'ana ngati mlendo. Abambo ndinawapeza m'chigafa, fumbi la fodya lili mbuu. Pambali pawo panakhala a Nyagondwe, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nafe, akumanga ndindi za fodya wosankhidwa. Nditafunsa za Esinati, anandiuza kuti ali kumunda kwa a Nyagondwe, akukumba mtedza.

Mtima unandipweteka. Ndinaganiza kuti mkazi wanga wafika pochita ganyu ine ndili kunja. Abambo anaona nkhope yanga, anandikhazika pansi n'kundifotokozera.

Chaka choyamba, Esinati anaumirira kuthandiza kusankha fodya. Patapita masiku angapo anagwa m'chigafamo, akulephera kupuma, milomo itada. Anamutengera kuchipatala pa ngolo. Atachira analowanso, n'kubanikanso. Anthu anayamba kunena zambiri, ena n'kumati pali munthu wamuchitira nsanje chifukwa mwamuna wake ali kunja. A Nyagondwe ndi amene anakana zimenezo. Anabwera kwa abambo n'kunena kuti iwo azisankha fodya m'malo mwa Esinati, ndipo Esinati aziwagwirira za kumunda kwawo, kumene kuli mphepo. Anauzanso abambo kuti azisiya malaya a m'chigafa panja asanalowe m'nyumba. Anachita zimenezi nyengo zonse zotsatira, ndipo Esinati sanagwenso.

Atabwera kuchokera kumunda, manja ali dothi lokhalokha, ndinamufunsa chifukwa chimene anandibisira.

"Mukanamva, mukanakwera ndege musanamalize," anandiyankha. "Ndiye mukuganiza kuti boma likanakulolaninso kubwerera?"

M'mawa mwake ndinatulutsa timabotolo timene ndinabwera nato, n'kumuyeza pakhonde monga ndinkayezera asilikali aja. Patapita kanthawi, pamene ndinadontheza madzi a chuku, chonga chimene chimamera pa fodya m'chigafa, panatupa ngati waluma udzudzu. Ndinamuphunzitsa kugwiritsa ntchito mankhwala opopera, abambo ndi amayi akuyang'ana mwachidwi.

Digiri ija inandithandiza. Nditabwerera ku chipatala cha asilikali, ambiri amene akanachotsedwa anapitiriza ntchito mpaka nthawi yawo yopuma pa ntchito, ndipo aphunzitsi anga aja ndimawathokozabe. Koma mkazi wanga ndinamupeza wamoyo chifukwa cha anthu amene ndinkaganiza kuti ndikadzabwera ndidzawaphunzitsa.

Masana a tsiku limene ndinamuyeza lija tinapita kwa a Nyagondwe, ine ndi Esinati, titatenga nsalu imene ndinagulira amayi, iwo atavomera kuti ipite kumeneko. Ndinagwada pakhonde pawo, nditavala suti yanga ya ku Mangalande, n'kuyamba kuthokoza. Anailandira nsaluyo ndi manja awiri, n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo.

"Ine sukulu sindinapiteko, adokotala," anatero. "Ndinangoona kuti mwanayu akalowa m'chigafa akubanika, akatuluka akupuma."

Anaipinda nsaluyo bwinobwino, n'kuyiika pamwendo. Kenako analoza kutsidya kwa dambo, kumene kunali nyumba za matenanti.

"Mawa mubwere ndi timabotolo tanuto. Uko kuli amayi ena awiri amene amabanikanso m'chigafa, ndipo ine munda wosinthana nawo ndili nawo umodzi wokha."